Mwala Wodya Udzu

Ku Kara-Bulak kulibe khoma limene a Kubat sanalipakepo penti. Nthawi ya famu ya boma iwo ndiwo anali opaka penti a mudzi wonse: sukulu, makola a nkhosa, mathirakitala, ngakhale mitengo ya m'mbali mwa msewu, imene ankaiveka laimu mpaka m'chiuno kukamveka kuti kukubwera bwana wa ku likulu. Anthu amati chaka china anapaka mulu wa manyowa chifukwa unali pamsewu ndipo nthawi youchotsa panalibe. Eni ake sakana. Amangoti, "Koma unaoneka bwino."

Famu ija itatha, aliyense anatola chimene akanatha. Ena anakusa nkhosa, ena anamasula matayala, wina anazula chitseko cha ofesi n'kuchibereka. A Kubat anagubuduza migolo ya penti yofiira ya mathirakitala mpaka kuseri kwa nyumba yawo. Vuto linali lakuti wowalemba ntchito panalibenso. Manja akayabwa ankangopaka chipata chawo chomwe, lero, mkucha, sabata yamawa, mpaka chipatacho chinaleka kutsekeka.

"Bambo a Nurzat," anatero akazi awo, a Burul, "pakhomo pano chimene chikunenepa ndi chipata chokha. Onani nkhosa zanu, mundionenso ine."

Zaka zinapita choncho. Kenako boma linalengeza kuti mapiri a kumtunda kwa mudzi, kumene abusa amakusira ziweto m'chilimwe, tsopano ndi paki, malo a munthu aliyense wofuna kuyendamo. Anthu anayambadi kubwera, a ku likulu ku Bishkek ndi a kunja komwe, atabereka zikwama zazitali kupitirira mitu yawo. Kwathu kuno munthu woyenda wapansi m'phiri ndiye kuti hatchi yamugwetsa, apo ayi ndi mphawi wotheratu. Tsiku loyamba kuwaona, a Kubat anaitana akazi awo.

"Mayi a Nurzat, tengani buledi ndi mafuta a mkaka muwapatse anthu awo. Kaya kwagwa nkhondo kuti."

Alendowo analandira buledi, anawajambula a Burul, n'kukamanga tinyumba tansalu m'mbali mwa mtsinje, pomwe m'mudzi munali zipinda zofunda zongokhala. M'mawa anapitirira kumtunda. Patapita masiku anatsika nkhope zitapsa, milomo itang'aluka, akutsimphina, koma akuseka ngati achokera ku ukwati. A Kubat atamva kuti ena mwa iwo ali ndi magalimoto, ndiponso kuti amachita kulipira kuti azunzike chonchi, tsiku limenelo chakudya sichinawalowe.

Alendo aja ankasochera kwambiri. Mkulu wa paki anali mayi wachitsikana, wamfupi, dzina lake Ainagul, amene anaphunzira za nkhalango mumzinda ndipo ankayankhula ngati akuwaza nkhuni. Atatopa n'kutuma abusa kukasaka anthu osochera, anafunsa ngati m'mudzimo muli wina wodziwa burashi. Mudzi wonse unamulozera nyumba ya chipata chofiira.

Ntchito yake inali yosavuta kumva. Kuchokera pa mlatho wa kumapeto kwa mudzi mpaka ku nyanja yaing'ono ya kuseri kwa phiri, a Kubat azipaka mzere wofiira pamiyala, moti munthu akaima pa mzere uwu aziona winawo patsogolo. Pamene pali kanjira kosocheretsa azipakapo mtanda, kutanthauza kuti kuno ayi, bwererani.

Anakwera hatchi yawo, Toru, chitini cha penti chili pachishalo, ndipo sabata isanathe anali atadula theka la njira. Loweruka Ainagul anawaitanitsa ku ofesi. Pakhonde panali anyamata a ku yunivesite atayanika masokosi, mabuluku ndi mafoni.

"Kubat baike," anatero Ainagul, kuwatchula mmene timalemekezera akulu, "anthu awa alibe hatchi."

"Ndaona, mwana wanga. Ndimawamvera chisoni kwabasi."

"Chisoni chanucho chisungeni. Mizere yanu ili m'mwamba ngati mukupakira mbalame. Winanso mwauika pakati penipeni pa mtsinje."

"Pajatu pali mwala wosalala bwino. Penti imachita kukhala yokha."

"Madzi awalekeza m'khwapa!"

"Toru amamulekeza m'mimba basi."

"Kuyambira mawa muziyenda wapansi. Pamene mwadutsa inu ndi mapazi anu, ndi pamene adutse iwo."

Mawu amenewo anawalasa. Munthu wa imvi, wa zidzukulu, adutse m'mudzi wapansi ngati mwana wa sukulu? Anasinkhasinkha mpaka anapeza nzeru. M'mawa anasenzetsa Toru penti, iwo n'kumamukoka pachingwe. Woyamba kukumana naye anali mlamu wawo Satar, mchimwene wawo wa a Burul, munthu wa pakamwa posatseka, amene ankaweta topozi, ng'ombe zaubweya zija za kuphiri.

"Alamu! Mwasinthana? Lero yakwera ndi penti, mawa ndiye ikwera hatchi pamsana panu?"

"Ikutsimphina," anayankha a Kubat osaima. "Mwendo wakumbuyo."

"Uti? Ine ndikuona miyendo yonse ikungoseka."

Bodza limenelo linawapulumutsa ndithu, chifukwa munthu wochitira chifundo hatchi yodwala salakwa. Anabwereza ntchito yonse kuyambira pamlatho, mizere tsopano ili yolekeza m'mawondo, iwo akupuma wefuwefu ndi kutukwana aliyense amene anayambitsa zoyenda popanda chifukwa.

Njira ikakwera n'kufika pamwamba pali chidikha chachikulu cha udzu waufupi, chopanda mtengo, miyala yake ya apa ndi apo. Tsiku limene a Kubat anafikapo kunagwa nkhungu yoti munthu sangaone nsonga ya burashi yake. Maso awonso anali atayamba kuchita chidima, koma magalasi ankawakana, ati n'za makalaliki. Anayenda akupapasa, kusowa popaka, mpaka anagunda chimwala chachikulu chotuwa, cha ndere zolendewera. Anaviika burashi n'kukoka mzere. Mwalawo unamwa penti yonse. Anabwereza, unamwanso. Apo mtima wa ntchito unawagwira. Anathira yambiri, kupaka, kusisita, mpaka panatuluka mzere wonenepa ngati lamba wa msilikali, wowala ngakhale m'nkhungu. Ataona kuti mwalawo ndi wofunda, anautsamira n'kudya buledi wawo mwamtendere. Toru yekha ndiye ankafwenthera chapatali, kukana kuyandikira.

Mwala umenewo anali Boz, nkhunzi ya topozi yokalamba ya Satar, yogontha, imene ikagona inkagona ngati yafa.

Zimene zinatsatira a Kubat anazimva pambuyo pake, kwa Satar, kwa amene zinawagwera, ndi kwa anthu ambirimbiri amene kunalibeko n'komwe. Lamlungu kunabwera gulu la oyenda m'mapiri lochokera ku Bishkek, amayi ndi abambo a m'maofesi. Mtsogoleri wawo anali a Temirlan, dokotala wa mano, wenzulo ili pakhosi, munthu wokhulupirira mizere yofiira kuposa mmene ena amakhulupirira mawu a Mulungu. Atafika pachidikha paja nkhungu inawakuta. Adokotala anaona mzere wonenepa patsogolo, n'kuimba wenzulo kuti onse awatsate. Atafika pamalopo sanapeze kanthu, koma nkhungu itang'ambika pang'ono, uwo mzere uli uko. Boz ankadana ndi fungo la mafuta odzola a anthu a mumzinda, ndiye akayandikira ankadzuka, kuyenda pang'ono, n'kugonanso.

"Amene anapaka njira ino ndi katswiri," anatero adokotala. "Taonani, mizere yonse ndi yofanana ngati yochita kudinda."

Mayi wina wogwira ntchito ku banki anawakoka jekete. "Adokotala, mwalawo uli ndi mchira."

"Kumeneko ndi kutopa, mayi. Kumwamba kuno mpweya ndi wochepa. Imwani madzi."

"Ukudya udzu."

"Mumunyeko switi, zikhala bwino."

Anautsata mwalawo tsiku lonse, nyanja n'kuisiya kumbuyo, mpaka anatsikira chigwa china kumene kunali msasa wa Satar wa m'chilimwe. Kumeneko nkhungu inatha. Mwala uja unafika pakhomo pa nyumba ya Satar yofolera ndi ubweya, unapuma mwamphamvu, n'kutaya ndowe pafupi ndi nsapato za adokotala.

Satar anaseka mpaka kugubuduka. Mkazi wake anawalandira alendowo ndi mkaka wa hatchi wosasa, ndipo adokotala, posowa poyang'ana ndi manyazi, anasuzumira m'kamwa mwa wosekayo n'kupezamo dzino lowola. Analizula pomwepo, Satar atakhala pachidebe. Anthu ena amati linali labwinobwino.

Zithunzi za Boz zinafalikira m'mafoni, ndipo sabata yotsatira alendo akafika pamlatho sankafunsanso za nyanja. Ankafunsa kuti njira ya ng'ombe ili kuti. Ena anayamba kutsata topozi iliyonse imene aiona, yopakidwa ndi yosapakidwa yomwe, ndipo mnyamata wina anakhala pamwamba pa thanthwe mpaka madzulo, mayi wa thole akumudikirira pansi. Ainagul sanaseke. Anakwera kumsasa kuja, a Kubat ali pambuyo mutu uli pansi. Anayesa sopo, anayesa petulo, penti ya mathirakitala inangowalirawalira. Satar, tsaya lidakali lotupa, anabwera ndi sizasi yometera nkhosa. Boz analola kupakidwa, analola kutsamiridwa, koma za kumetedwa anakana. Anangopukusa mutu kamodzi, Satar n'kupezeka atakhala mumtsinje sizasi ili m'manja.

"Musiyeni!" anakuwa ali m'madzimo. "Ng'ombe imeneyo tsopano ndi wa ntchito wa boma. Ilembeni m'kaundula, kumapeto kwa mwezi izilandira!"

Ainagul anatembenukira kwa a Kubat. "Chabwino. Ngati mzere sukuchoka, ukanizeni. Pakanipo mtanda, anthu adziwe kuti si njira."

A Kubat anapaka mtanda wokongola, mbali zonse ziwiri, chifukwa ntchito yatheka sankaidziwa. Koma Boz, kaya chinali chipongwe kaya udzu wake unakoma, anasamukira panjira yeniyeni, pampata wopapatiza pamene aliyense wopita kunyanja ayenera kudutsa. Ankagona pomwepo, zii. Alendo akafika ankaona chimtanda pakati pa njira, kuyang'anizana, n'kubwerera momvera. Azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, anabwerera choncho, m'mawa mwake n'kuyesa njira yozungulira. Boz anali atasamukira komweko. Anatsika okwiya, kukafunsa ku ofesi chifukwa chiyani paki yonse yatsekedwa popanda kulengeza.

"Kubat baike," anatero Ainagul atagwira kumutu, "ng'ombeyi mwaipatsa mawu ndinu. Ndiye muzikhala nayo. Kumene yapita mupite, ndipo aliyense wobwera muzimuuza kuti asaimvere."

"Mpaka liti, mwana wanga?"

"Mpaka ubweyawo uthothoke."

Ndi mmene a Kubat anathera chilimwe chonse ali pambuyo pa nkhunzi yogontha. Boz akagona, iwo ankakhala pambali pake. Kukatulukira alendo ankadzuka n'kukupiza chipewa: "Pitirirani, mabwana, ikunama iyi, njira ndi yomweyi!" Kwa osamva chiyankhulo ankaloza ng'ombe, kupukusa mutu, n'kuloza kutsogolo. Ambiri ankangoganiza kuti nkhalambayo ikuigulitsa.

Boz sankathamangira kanthu. Mapiri amenewa a Kubat anakuliramo, koma ankawaona ali pamsana pa hatchi, akuthamangira nkhosa yosochera kapena kuthawa mvula. Tsopano, poyenda mayendedwe a ng'ombe yokalamba, anayamba kuona zapansi. Kunali timaluwa tabuluu tating'ono ngati mabatani, ta mtundu umene sanaupezepo m'chitini chilichonse. Kunali kasupe wotuluka pansi pa thanthwe, madzi ake opweteketsa mano, ndi mbira zonenepa zoimirira pakhomo pa una n'kumaimba mluzu ngati apolisi a pamsewu. Tsiku lina Boz anakagona pamtunda pamene nyanja imaoneka yonse. A Kubat anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, osachita kanthu, osafuna kanthu. Atazindikira, anayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wawaona.

Chisanu chitafika Satar anatsitsa ziweto zake, ndipo kutayamba kufundanso ubweya wa Boz unathothoka n'kumatsalira pazitsamba, mtanda uja n'kupita nawo. Mlandu unatha. Ainagul anati popeza njira yonse yapakidwa, a Kubat akhoza kumaiyendera ali pahatchi ngati munthu.

Koma Toru sanachire. M'mawa uliwonse a Kubat ankatuluka akumukoka pachingwe, nkhope ili yachisoni, kuyankha aliyense kuti mwendo uja sunapole. Akangobisika kuseri kwa mitengo ya paini ankayamba kuimba. Toru ananenepa ngati mgolo.

Anawagwira ndi a Burul. Tsiku lina madzulo anawaitanira pazenera. Kudambo Toru anali kalikiliki kuthamangitsa hatchi zazikazi za oyandikana nawo, kudumpha ngalande ngati mwana wa mbuzi.

"Wodwala wanu uyo."

"Zimachitika," anatero a Kubat. "Akaona akazi ululu amauiwala."

"Bambo a Nurzat, mundiuze zoona. Kuphiriko kuli mkazi?"

"Aa, mayi a Nurzat!"

"Mowa?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani chimakutulutsani m'mawa uliwonse ndi nkhope ya maliro, madzulo n'kukubwezani mukumwetulira?"

A Kubat anayang'ana pansi. "Ndimangoyenda."

"Kupita kuti?"

"Kulikonse. Kenako ndimakhala pansi."

"N'kumatani?"

"N'kumayang'ana."

A Burul anafunafuna mpando n'kukhala. Bola akanati kuli mkazi, chifukwa zimenezo amayi a m'mudzi amadziwa mothana nazo. Kenako anati, "Ine kuphiriko ndapita chilimwe chilichonse chiyambire utsikana wanga. Kukama hatchi, kukama ng'ombe, kutola ndowe zosonkhera moto. Chimene ndinaonako ndi mawere a ziweto. Loweruka munditenge, ndikaone chimene mumayang'anacho."

Anabwereka tenti kwa Ainagul. A Burul anakwera Toru, a Kubat ali patsogolo ndi chingwe. Atafika kunyanja tenti inawakanika. Ndodo zake zinkangopindika ngati mauta, ndipo itaima inaoneka ngati nkhuku yopondedwa ndi galimoto, ndiye anangoiyala pansi kuti akhalepo. A Burul anali atayamba kale kupukuta ketulo, kukonza miyala ya pamoto, kufunafuna chochapa.

"Khalani pansi," anatero amuna awo.

"Ndimalize kaye."

"Palibe chomaliza. Khalani."

Anakhala. Manja awo ankangoyendayenda pamawondo ngati asowa mwini, mpaka anadekha okha. Nyanja inali bata, mapiri oyera atazondoka m'madzimo.

"Ndiye anthu aja amavutikira zimenezi? Kukhala basi?"

"Basi."

"Palibe wondiitana?"

"Palibe."

A Burul anatambasula miyendo. "Thirani tiyi."

A Kubat, amene chikwatirire anali asanathirepo tiyi, anathira, theka m'kapu, theka pansi.

Chinsinsi a Burul sanachisunge. Anakachifotokoza ku sitolo, ku chipatala, ndi pamaliro pomwe. Mwezi usanathe amayi a ku Kara-Bulak anayamba kuuza amuna awo kuti nawonso akufuna kukakhala. Amunawo anayesa kuzemba, ena anadwala misana, koma amene wakana ankapeza mphika wozizira. Loweruka lililonse pamlatho panayamba kudutsa mzere wa amayi ali pahatchi, abambo ali pansi atasenza maketulo, mabulangete ndi mapilo, poti amayiwo anamva kuti mwamuna woyenda wapansi ndi mbali ya mankhwala ake. Mkazi wa Satar anati iye mtima umakhala m'malo akamasoka, ndiye Satar anabereka makina osokera mpaka kunyanja, n'kutsika nawonso. Ku mzikiti abambo anasiya kukhala pafupi ndi a Kubat. Satar akakumana nawo panjira, thukuta lili kamukamu, ankangoti, "Alamu, inu ndi Mulungu mudzakambirana."

Pano a Kubat akalamba. Burashi anasiyira ena, ndipo chilimwe chathachi mawondo anayamba kuwakana, pokwera chitunda amalira ngati chitseko chakale. Anauza akazi awo kuti basi, za kunyanja zatha. Loweruka a Burul anamanga chishalo, anawakankhira amuna awo pamwamba ngati thumba la ufa, iwo n'kugwira chingwe. Amayenda ndi diresi lawo lalitali ndi nsapato za labala zokamira ng'ombe, kupitirira achinyamata a ndodo zachitsulo amene agona chagada m'mbali mwa njira. A Kubat pamwambapo amadandaula njira yonse kuti ali patali, maluwa sakuwaona. Ndiye a Burul amaima, kuthyola limodzi, n'kuwapatsira osatembenuka.

"Gwirani. Ndipo muleke kulira, mukuopseza hatchi."